KUWAMBA TSABOLA NDI ZOKOMETSERA NDIWO KU MULANJE

Achikumbi a ku Mulanje, nonse mukudziwa kuti tsabola sapsa tsiku limodzi. Mukawokera mbande zanu mu Disembala kapena mu Januwale, mumayamba kuthyola cha mu Epulo, ndipo mumapitiriza kuthyola mpaka mu Julayi kapena mu Ogasiti. Tsono miyezi imeneyi ndiyonso miyezi ya chiperoni. Mlimi amayanika tsabola wake m'mawa kuli kowala, koma pofika masana nkhungu yatsika kuphiri ndipo kamvula kakuwaza. Kamvula kotere kakhoza kukhala masiku atatu kapena anayi osakata. Tsabola amene anali wofiira bwino amayamba kuda, kufewa ndi kuchita chuku, ndipo pofika naye kumsika wogula amamukana kapena amamugula pa mtengo wotsika.

M'nkhani ino tikufotokozerani njira imodzi yopulumutsira tsabola wotere. Njirayi ndi kumuwamba pa moto wa utsi, monga momwe asodzi amawambira nsomba. Mlimi akaichita mosamala, sangopulumutsa zokolola zake chabe, komanso amakhala ndi katundu wachilendo woti azigulitsa pang'onopang'ono chaka chonse. Koma akaichita mwachisawawa amaononga tsabola, nkhuni ndi thanzi la anthu ogula. Nchifukwa chake tikukupemphani kuti muwerenge nkhani yonse musanayatse moto.

CHIFUKWA CHAKE KUYANIKA KUMAVUTA KUNO

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Madera a kumwera kwa phiri la Mulanje amalandira mvula yoposa mamilimita 1,500 pa chaka, ndipo mvula imeneyi ndiyo inachititsa kuti tiyi ayambe kulimidwa pa esiteti ya Lauderdale m'chaka cha 1891. Chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, chimathandiza tiyi kuti asafote m'nyengo yozizira. Koma chinyezi chomwecho chimene tiyi amachikonda ndi mdani wa mlimi wa tsabola.

Tsabola wongothyola kumene amakhala ndi madzi ochuluka, pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a kulemera kwake. Kuti asungike, madziwo ayenera kutsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi. Dzuwa likamawala bwino ntchito imeneyi imatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Likasowa, tsabola amakhalitsa ali wonyowa ndipo chuku chimamera, nthawi zina m'kati mwenimweni mwa tsabola momwe diso silingaone.

Mitundu ina ya chuku imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe uja alangizi amakuchenjezani naye pa mtedza ndi chimanga. Poizoniyu satha ngakhale muphike, ndipo munthu akamadya kawirikawiri akhoza kudwala khansa ya chiwindi. Maiko a m'bungwe la European Union salola tsabola wouma amene ali ndi aflatoxin woposa mamayikulogalamu 10 pa kilogalamu. Kuti mumvetse kuchepa kwake, muyesowu uli ngati galamu imodzi yokha m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Motero kuumitsa msanga si nkhani ya maonekedwe okha ayi, ndi nkhani ya moyo.

UTSI SI WACHILENDO KWA IFE

Amayi athu akhala akufutsa nkhwani, chitambe ndi khwanya kuyambira kale. Mfutso ukauma amaukulunga m'masamba a msuku, kumanga chikwatu nkuchipachika kudenga la khitchini, kumene kutentha ndi utsi zimathamangitsa chinyezi ndi tizilombo. Chimanga cha mbewu nachonso chimapachikidwa komweko. Asodzi a ku nyanja ya Chilwa amawamba milamba ndi nsomba zina kuti zikafike ku misika yakutali zisanaole. Ndipo ku chigwa cha Phalombe, chimene chinali mbali ya boma la Mulanje mpaka m'chaka cha 1998, alimi ambiri anakulira pa fodya wa chikopa, amene amachita kumufukiza ndi timoto ting'onoting'ono masiku ambiri. Aliyense amene anafukizapo chikopa akudziwa kuti moto wothamanga umaononga tsamba.

Kunja nakonso kuli alimi amene anakumana ndi vuto longa lathuli. Ku La Vera, m'chigawo cha Extremadura ku Spain, tsabola amapsa pa nthawi imene mvula ikuyamba. Alimi a kumeneko amayala tsabola pa nsanja m'nyumba zowambira, pansi pake nkuyatsa moto wa nkhuni za mtengo wa oak, ndipo amamutembenuza tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 mpaka 15. Akatero amamugaya kukhala ufa wofiira wotchedwa Pimentón de la Vera, umene umagulitsidwa m'maiko ambiri chifukwa cha fungo lake la utsi. Ku Mexico amawamba tsabola wa jalapeño akapsa, ndipo amamutcha chipotle. Tsabola ameneyu ndi wamnofu wochindikala, kotero akangomuyanika padzuwa amaola asanaume. Onani kuti m'maiko onse awiriwa anthu anayamba kuwamba pothawa kuola, ndipo pambuyo pake fungo la utsi linasanduka chinthu chimene ogula amachifuna.

KODI UTSI UMACHITA CHIYANI?

Moto wowambira umagwira ntchito zitatu. Yoyamba, ndiponso yaikulu, ndi kuumitsa: mpweya wotentha ukamadutsa pa tsabola umatenga madzi nkutuluka nawo. Yachiwiri, utsi umasiya pa khungu la tsabola zinthu zina zimene zimachedwetsa chuku ndi kuthamangitsa tizilombo. Yachitatu ndi fungo ndi kakomedwe.

Kumbukirani mfundo iyi: chimene chimasunga tsabola ndi kuuma, osati utsi. Tsabola wonunkhira utsi koma wosauma m'kati adzachita chuku m'paketi ngati wina aliyense. Komanso utsi sungachiritse tsabola amene wayamba kale kuola. Woola ndi woola basi, mutayeni.

Dziwaninso kuti utsi uli ndi zoipa zake. Utsi wakuda wa mwaye, wochokera ku moto wamalawi kapena ku nkhuni za utomoni, uli ndi zinthu zimene zimayambitsa khansa zikachuluka m'chakudya. Nchifukwa chake m'chaka cha 2009 bungwe la Codex Alimentarius, limene limakonza miyeso ya zakudya pa dziko lonse, linatulutsa malangizo a kawambidwe kabwino. Mfundo zake zazikulu ndi zosavuta: chakudya chikhale kutali ndi moto, nkhuni zikhale zoyenera, ndipo chakudya chisakhalitse mu utsi koposa muyeso. Uvuni umene tikufotokoze pansipa watsatira mfundo zimenezi.

YAMBANI MWAPEZA WOGULA

Musanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe, dziwani kuti misika ya tsabola ilipo iwiri, ndipo siifuna katundu wofanana.

Msika woyamba ndi wa makampani opanga sosi ndi otumiza tsabola kunja. Kuno kwathu msika umenewu ndi wakale. Kampani ya Nali inayambira ku Thyolo m'zaka za m'ma 1970, ndipo pambuyo pake bungwe la alimi la Zikometso, pansi pa NASFAM, linasonkhanitsa alimi a tsabola a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe kuti azigulitsa pamodzi. Ogula a mtundu umenewu amafuna tsabola wamng'ono wowawa uja wa Bird's Eye, woyanika padzuwa, wofiira mofanana ndiponso wopanda fungo lachilendo. Kwa iwo fungo la utsi ndi chilema. Choncho musasakanize tsabola wowamba m'thumba la tsabola wa padzuwa, chifukwa mudzakanitsa thumba lonse ndi kuipitsa mbiri ya kalabu yanu. Ngati munalembetsa kapena munasaina mgwirizano ndi wogula, perekani kaye zimene munalonjeza.

Msika wachiwiri ndi wa anthu odya: amayi a pakhomo, malesitilanti, ootcha nyama ndi okazinga tchipisi, malo ogona alendo okwera phiri, ndi magolosale. Anthu amenewa ali pa Chitakale, pa Boma, pa Limbuli, pa Nkando, pa Luchenza ndi ku Limbe. Uku ndiko kumene tsabola wowamba angapeze malo. Koma popeza ambiri sanamulawepo, muyenera kuwalawitsa. Wambani pang'ono, gawirani ophika asanu kapena khumi, ndipo mubwerenso pakatha sabata kudzamva maganizo ao. Akafunsa okha kuti wina ali kuti, mwapeza msika.

Motero lamulo lake ndi ili: dzuwa likamawala, yanikani tsabola wa giredi yoyamba pa thandala ndi kumugulitsa monga mwa masiku onse. Uvuni ndi wa tsabola amene wathyoledwa chiperoni chitagwa, wa tsabola wabwino koma wopindika kapena wosafanana kukula, ndiponso wa mitundu yamnofu monga kambuzi imene imavuta kuuma padzuwa.

KAMANGIDWE KA UVUNI

Musawambire m'khitchini yophikira, chifukwa utsi wa tsabola umatsokomoletsa ndi kuwawa m'maso, makamaka kwa ana. Sankhani malo okwera, otalikirana ndi nyumba, nkhokwe, khola ndi chimbudzi, ndipo onani kumene mphepo imalowera kuti utsi usavutitse anansi.

Uvuniwu uli ndi zigawo zitatu.

1. Dzenje la moto. Kumbani dzenje lotalika, lotambalala ndi lozama theka la mita. Likhale kumunsi pang'ono kwa malo amene mudzamange kanyumba. Pezani chidutswa cha lata chovundikira, chimene muzisuntha pochepetsa kapena poonjezera mpweya.

2. Ngalande ya utsi. Kuchokera pa dzenjelo kumbani ngalande yotalika mamita 2, yokwera pang'ono polowera ku kanyumba. Ivundikireni ndi njerwa kapena malata, pamwamba nkukwirira ndi dothi. Ngalandeyi ndiyo mtima wa uvuni wonse. Malawi safika pa tsabola, utsi umazizirako panjira, ndipo mwaye wambiri umatsalira m'ngalande momwemo.

3. Kanyumba kowambira. Mangani ndi njerwa kapena zidina kanyumba ka mita imodzi mbali zonse, kotalika mita imodzi ndi theka. Mbali imodzi ikhale ndi chitseko. M'zipupa siyani timipata kapena tinjerwa totulukira m'kati toikapo mathileyi anayi kapena asanu, otalikirana masentimita 15. Thileyi ya pansi ikhale theka la mita kuchokera pakamwa pa ngalande. Pamwamba vundikirani ndi lata loboola timabowo kapena ndi chiguduli choyera, kuti chinyezi chizituluka. Kanyumba kotsekeratu kamaphika tsabola m'malo momuumitsa.

Mathileyi mupange ndi matabwa osapaka penti, pansi pake nkuluka nsungwi kapena bango mosiya mipata. Nzeru yosanjikiza mathileyi pa moto umodzi inatchuka ndi uvuni wa Chorkor, umene unayambira kwa amayi owamba nsomba ku Ghana m'chaka cha 1969, ndipo ubwino wake ndi kupulumutsa nkhuni. Pomaliza mangani kachisakasa pamwamba pa uvuni wonse kuti chiperoni chisanyowetse, koma denga likhale lotalika ndiponso lotalikirana ndi dzenje la moto.

Ena amagwiritsa ntchito mgolo m'malo mwa kanyumba. Ngati mutero, usakhale mgolo umene munali mankhwala, penti, phula kapena mafuta a galimoto.

Inu olima fodya, mverani bwino apa: musawambire kapena kuyanika chakudya m'balani kapena m'chigafa cha fodya. Zipupa, mikangala ndi pansi pake zimakhala zitamwa chikonga ndi mankhwala, ndipo zimenezi zimalowa m'chakudya. Luso lanu lofukiza mubwere nalo, koma uvuni ukhale wakewake.

NKHUNI ZOYENERA NDI ZOSAYENERA

Gwiritsani ntchito nthambi zouma zimene mwadulira ku mango, magwafa, mapeyala ndi malalanje. Mitengo ya nandolo mukakolola ndi zitsononkho za chimanga ndi zabwino poyatsira ndi posunga moto. Zonsezi mlimi wa ku Mulanje ali nazo pakhomo, ndipo safunika kukwera phiri.

Musagwiritse ntchito paini, mkungudza kapena mtengo uliwonse wa utomoni, chifukwa utsi wake ndi wakuda ndipo umawawitsa chakudya. Bulugamu wamuwisi ndi masamba ake amasiya fungo la mankhwala. Musayerekeze kuponyamo matabwa opaka penti, mitengo yothira mankhwala a chiswe, mapulasitiki, matayala kapena zinyalala, ndipo musayatse moto ndi palafini. Mitengo ya mkaka monga nkhadze ndi yapoizoni.

Za mkungudza tionjezepo mau. Mtengo wa mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri lathuli. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mobisa ndi moto wolusa. Nkhalango ya phirili ndi yotetezedwa kuyambira m'chaka cha 1927, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse. Tonse tinaona zimene madzi ndi miyala yochokera kumapiri zinachita ku Mulanje ndi ku Phalombe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Bizinesi imene ikudya mitengo ya kuphiri si bizinesi, ndi ngongole imene ana anu adzalipira. Amene akufuna kuwamba chaka ndi chaka abzale mitengo yakeyake m'malire a munda.

KAWAMBIDWE KA TSABOLA

1. Thyolani tsabola wakupsa bwino yekha. Ngati munapopera mankhwala, dikirani masiku amene alembedwa pa botolo musanathyole.

2. Sankhani tsiku lomwelo. Chotsani woola, wobooledwa ndi mbozi, wamawanga ndi wotola pansi. Musasiye tsabola wamuwisi m'thumba usiku wonse, chifukwa amatentha nkuyamba kuola.

3. Mutsukeni m'madzi oyera ndi kumuyala pa lichero kuti madzi adonthe. Tsabola wonyowa kunja amagwira mwaye.

4. Tsabola wamng'ono muwambeni wathunthu. Kambuzi ndi wina wamnofu mng'ambeni pakati kapena mcheke mbali imodzi kuti madzi atuluke msanga. Valani mapepala a pulasitiki m'manja podula ndipo musagwire m'maso.

5. Yalani pa thileyi mosaunjika, tsabola asasanjikizane.

6. Yatsani moto m'dzenje thileyi zisanalowe. Dikirani malawi atsike ndipo pakhale makala, kenaka ikanipo zikuni ziwiri kapena zitatu ndi kuvundikira ndi lata mosiya kampata. Utsi woyenera ndi wopyapyala, wotuwa mopita kobiriwira ngati mtambo. Utsi wakuda kapena woyera wochindikala ukusonyeza kuti moto ukusowa mpweya kapena nkhuni nzaziwisi.

7. Kutentha m'kanyumba kukhale pakati pa madigiri 50 ndi 60. Ngati mulibe choyezera, pisani dzanja pa thileyi ya pansi. Muyenera kumva kutentha koma nkutha kuwerenga pang'onopang'ono mpaka 10 osachotsa dzanja. Mukapyola apa tsabola amada ndi kuwawa ngati chopserera. Kuona maso a nkhono nkudekha.

8. Pakatha maola atatu alionse tembenuzani tsabola ndi kusintha mathileyi, ya pansi ipite pamwamba. Tolani tsabola amene wagwera pansi kuti asapse.

9. Utsi ukhale wa tsiku loyamba ndi lachiwiri basi. Masiku otsatira malizani kuumitsa ndi kutentha kwa makala opanda utsi, kapena padzuwa ngati kwacha bwino. Kawirikawiri ntchito yonse imatenga masiku atatu kapena anayi, malingana ndi mtundu wa tsabola ndi nyengo. Usiku woyamba musalole uvuni kuzizira tsabola akadali wofewa. Ndi bwino kusinthana anthu awiri poyang'anira moto.

10. Musadalire masiku, dalirani mayeso. Tsabola wouma amalira njere mukamugwedeza, ndipo amathyoka mukamupinda. Tenganinso pang'ono, ikani m'botolo louma lotseka ndi kuliika pamalo otentha kwa maola angapo. Mukaona nthunzi m'kati mwa botolo, bwezerani tsabola yense mu uvuni.

TOMATO, ANYEZI, ADYO NDI ZINA

Uvuni womwewo ukhoza kukuthandizani pa nthawi imene tomato wachuluka pamsika mpaka kumatayidwa. Sankhani tomato wolimba, mduleni m'mapisi ochindikala ngati chala chaching'ono, wazani kamchere ndi kumuyala pa nsungwi, osati pa waya, chifukwa madzi a tomato amadya chitsulo. Mpatseni utsi wa maola ochepa chabe, kenaka kutentha kokha mpaka aume ngati chikopa, osatulutsa madzi mukamufinya. Dziwani kuti tomato ndi madzi okhaokha: makilogalamu pafupifupi 15 ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi youma. Motero muwambeni pokhapokha mtengo wake utagwa kwambiri.

Anyezi ndi adyo musende, dulani mopyapyala ndi kuchita chimodzimodzi mpaka zizithyoka. Chenjezo pa adyo: musamuviike m'mafuta ophikira nkumugulitsa m'botolo. M'mafuta mulibe mpweya, ndipo m'malo otere mumatha kuswana kachilombo kopanga poizoni wopha anthu, popanda fungo kapena chizindikiro chilichonse. Gulitsani adyo wouma basi.

Therere lobala lodula mozungulira limauma bwino pa kutentha kwa makala, koma silifuna utsi wambiri. Masamba monga nkhwani, chitambe, khwanya ndi bonongwe musawaike mu utsi, chifukwa amamwa mwaye ndi kuwawa. Afutseni monga mwa kale powawiritsa pang'ono, ndipo ngati kunja kuli chiperoni aumitseni mu uvuni pa makala okha.

Musaike tsabola ndi ndiwo zina mu uvuni nthawi imodzi, ndipo tsabola akhale ndi mathileyi akeake.

KUSINJA, KULONGEDZA NDI KUSUNGA

Lolani katundu azizire bwino musanamutseke. Sungani tsabola wathunthu m'ndowa ya pulasitiki yotseka kwambiri, pa thandala, m'chipinda chouma ndi chamdima, kutali ndi feteleza, mankhwala ndi fodya. Musinje pang'onopang'ono monga momwe msika ukufunira, chifukwa ufa umataya fungo ndi kukoka chinyezi msanga kuposa tsabola wathunthu.

Mtondo, munsi ndi sefa zikhale za ntchito imeneyi yokha. Sinjirani panja, mutamanga kansalu pamphuno ndi pakamwa, ana ali kutali. Mukafuna kusakaniza ndi mchere, gulani mchere wa ayodini wouma bwino. Mukhoza kukonza mitundu iwiri kapena itatu: tsabola yekha, tsabola wa mchere, ndi tsabola wosakaniza ndi adyo ndi anyezi wothira pa nyama ndi nsomba. Yezani zosakanizazo pa sikelo ndi kulemba m'kope, kuti wogula akabweranso apeze kukoma komweko. Musathiremo utoto, ufa kapena gaga pofuna kuchulukitsa. Chinyengo chotere chimapha msika wa mudzi wonse.

Longedzani m'mapaketi ang'onoang'ono a pulasitiki yochindikala kapena m'mabotolo owiritsa ndi kuumitsa bwino. Pa paketi iliyonse lembani dzina la katundu, zimene mwasakaniza, kulemera kwake, tsiku lolongedza, ndi dzina la kalabu kapena la wopanga. Yesetsani kuti zonse zigulidwe isanathe miyezi 6, ndipo mwezi uliwonse tsegulani paketi imodzi kuti muone ngati muli chuku kapena tizilombo.

KUWERENGERA PHINDU

Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, kotero sitikupatsani mtengo koma njira yowerengera. Yezani tsabola asanalowe mu uvuni, ndipo muyezenso akauma. Tsabola wamng'ono amafuna makilogalamu 3 kapena 4 amuwisi kuti atulutse kilogalamu imodzi youma, pamene wamnofu amafuna ochuluka kuposa apa. Kilogalamu imodzi ya ufa imadzaza mapaketi 20 a magalamu 50, kapena mapaketi 50 a magalamu 20.

Tsono lembani m'kope zonse zimene zalowa pa kilogalamu imodziyo: mtengo umene mukanaupeza mukanagulitsa tsabolayo osawamba, nkhuni, mapaketi, mchere, ulendo wa kumsika, chiphaso cha msika, ndi masiku amene inu ndi banja lanu mwagwira ntchito, kuwerengera ngati ganyu. Onjezani kagawo ka ndalama zimene munamangira uvuni. Gawani zonsezo ndi chiwerengero cha mapaketi. Yankho lake ndiwo mtengo umene simuyenera kutsika pogulitsa. Ngati ogula sangafike pamenepo, musaumirire. Uvuni uzingokuthandizani kupulumutsa chakudya cha pakhomo.

Alimi ambiri amaiwala kuwerengera nkhuni ndi thukuta lao, ndipo amaona ngati apindula pamene angosinthanitsa ndalama. Ndalama za bizinesi zisungidwe padera, ndipo bambo ndi mayi agwirizane za kagwiritsidwe ntchito kake, popeza kawirikawiri ntchito yosankha, kusinja ndi kugulitsa imagwera amayi.

MALAMULO NDI KUGWIRIRA NTCHITO PAMODZI

Chakudya cholongedza chogulitsa m'masitolo chiyenera kuyesedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. A zaumoyo a ku khonsolo ya boma nawonso ali ndi udindo woyendera malo okonzera chakudya. Kwa mlimi mmodzi zolipira zake ndi zolemetsa, koma kalabu ya anthu khumi kapena makumi awiri ikhoza kumanga uvuni umodzi wabwino, kugula sikelo ndi makina omatira mapaketi, ndi kupempha chiphaso chimodzi. Kalabu isankhe munthu mmodzi wokhwima maso woti aziona katundu yense asanalongedzedwe, ndipo akhale ndi mphamvu yokana ngakhale katundu wa wapampando.

Inu amene mumakhala ndi kulima pa malo a esiteti, pemphani chilolezo kwa oyang'anira musanamange uvuni, ndipo gwirizanani za malo ake poopa ngozi ya moto. Musatenge nkhuni m'nkhalango ya esiteti popanda chilolezo. Onetsetsaninso kuti ntchito imeneyi isasokoneze mbewu imene munalembetsa. Ana a sukulu asagone pa uvuni kapena kusinja tsabola.

ZOYENERA KUCHITA CHAKA CHINO

Umbani njerwa ndi kumanga uvuni m'chilimwe, pakati pa Sepitembala ndi Okutobala, nthaka ili youma. Nthawi yomweyo sonkhanitsani nthambi zodulira, mitengo ya nandolo ndi zitsononkho, ndi kuzisunga pansi pa denga kuti zidzakhale zouma pofika mu Meyi. Tsabola woyamba akapsa mu Epulo, yesani uvuni wanu ndi thileyi imodzi yokha, kuti muphunzire khalidwe la moto wanu chiperoni chisanafike. Lembani maola, mtundu wa nkhuni ndi kulemera kwa tsabola pa kuwamba kulikonse. Mukawamba katatu kapena kanayi mudzadziwa zimene uvuni wanu umafuna.

Ngati pali zina zimene simunamvetse, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kaya ku Thuchila, ku Msikawanjala, ku Milonde, ku Kamwendo kapena pa Boma. Atengereni tsabola amene mwawamba kuti amuone, ndipo apempheni adzayendere uvuni wanu musanayambe kugulitsa.